Ndinalemba mayina a akufa m'buku la makuponi

Pulogalamu ya feteleza wa makuponi itayamba mu 2005, anthu a m'mudzi mwathu kuno ku Lirangwe anandisankha kukhala mlembi wa komiti. Ankandikhulupirira, komanso ndinali ndi dzanja labwino polemba. Lero ndikufuna ndiulule zimene dzanja lomwelo linachita, chifukwa anzanga akamatukwana mbava za ku Capital Hill ine ndimangoyang'ana pansi.

M'bukumo ndinkalowetsa mayina a anthu amene tinawaika m'manda kalekale. Makuponi awo tinkagawana m'komiti, ena n'kugulitsa kwa mavenda. Akufawo akalowa, amoyo ena ankatuluka. Tsiku lina logawa, mayi wina wamasiye anakhala patsinde pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, thumba lake lopanda kanthu atalipinda bwinobwino pamiyendo. Dzuwa litapendeka anabwera, nagwada, nandifunsa motsitsa mawu: "Achimwene, kapena mwalumpha tsamba?" Ndinamuyankha kuti boma latumiza ochepa. Dzina lake ndinali nditalifufuta ndekha. Nthawi ya njala itafika, ana ake ankapalira m'munda mwanga kuti ndiwapatse kambale ka ufa.

Mu September 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, atawomberedwa ku Lilongwe, nkhani ya Cashgate inaphulika. Ndalama zinkapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za antchito a boma. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zambiri zitalipidwa kumakampani amene sanaperekeko katundu aliyense. Ndikumva zimenezi pawailesi, thupi langa linazizira. Nzeru yake inali yanga yomwe ija: papepala dzina lilipo, mwini wake kulibe. Mayiko otithandiza, amene ankathira pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo. Mwana wanga atadwala malungo, kuchipatala anangondilembera kapepala koti ndikagule mankhwala ndekha. Ndinalibe pakamwa podandaulira.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti wakudya nawo sadzudzula. Ife a m'makomiti, pamodzi ndi onse olandira zitenje ndi tindalama pamisonkhano, ndife amene timakulitsa mtsogoleri mpaka apose lamulo. Bambo anga anali m'khamu limene linakalandira Kamuzu pabwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958, ndipo ankafotokoza tsikulo misozi ikulengeza. Mu 1966 dziko linakhala lipabuliki ya chipani chimodzi, mu 1971 munthu yemwe uja anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo amene anamuimbira aja anayamba kulankhula monong'ona m'nyumba zawo zomwe. Mu 2002 bilu yoti Bakili Muluzi aimenso pa upulezidenti mopanda malire inagwa ndi mavoti atatu okha. Atatu okha, abale! Mu 2011 Bingu wa Mutharika anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa chomudzudzula. Mafuta anasowa, madalaivala a minibasi ankagona pamizere m'mafilingi, mtengo wopitira ku Lunzu ndi m'tauni unakwera, ndipo zionetsero za pa 20 July zinasiya maliro pafupifupi 20.

Matendawa ndi akale. Lipabuliki ya Roma inakhala zaka pafupifupi 500, koma akazembe ake atalemera ndi chuma cholanda kumayiko ena anayamba kugula mavoti ndi asilikali, mpaka mu 44 BC Julius Caesar anapatsidwa ulamuliro wa moyo wake wonse. Ogulawo sakanaphula kanthu pakanapanda ogulitsa.

Mayi wamasiye uja ndinakamupepesa patapita zaka, nditasenza thumba la feteleza. Analandira, natinso Mulungu ndiye woweruza. Koma mwana wake woyamba anali atasiya kale sukulu, ndipo zimenezo palibe thumba lingabweze.

Inu amene mukusunga buku la mayina lero, kaya ndi la feteleza, la Mtukula Pakhomo kapena la chimanga cha chithandizo, kaliwerengeni mokweza pabwalo la amfumu, mudzi wonse ukumva. Wina akakubweretserani envelopu nthawi ya kampeni, mukumbutseni kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa zimenezo, ndipo mumubwezere.