Kumene Phiri Limathera M'nyanja

Kummwera kwa mzinda wa Cape Town, kumene mtunda umathera m'nyanja yamchere, kuli thanthwe lotchedwa Cape Maclear. Dzinali n'lofanana ndi la kwathu ku Mangochi chifukwa malo onse awiri amakumbutsa Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene anali bwenzi la David Livingstone.

Thanthweli lili m'nkhalango yotetezedwa ya Table Mountain National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1998 ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la SANParks. Nkhalangoyi imayambira pa Signal Hill mumzinda mpaka ku Cape Point. M'madera ambiri mlendo sapezako mitengo italiitali. Amapeza zitsamba zazifupi za maluwa okongola zotchedwa fynbos. M'derali muli mitundu ya zomera yoposa 2,200, ndipo ina simera kwina kulikonse. Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse, ndipo chaka chomwecho boma linayamba kuteteza nyanja yozungulira.

Komatu lamulo palokha silithetsa mavuto. Mitengo yobwera, monga paini ndi ina ya ku Australia, imaphimba zomera zachilengedwe, imamwa madzi ambiri ndiponso imakolezera moto. Anthu a ku Mulanje amalidziwa vuto la paini wofalikira paphiri. Mu Epulo 2021 moto wolusa unatsika phiri n'kutentha nyumba yosungiramo mabuku ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town.

Pagombe la Boulders ku Simon's Town pali mbalame za penguin, zimene siziuluka koma zimasambira posaka chakudya. Mu 2024 bungwe la IUCN linalengeza kuti mtunduwu watsala pang'ono kutheratu. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi njala: nsomba zazing'ono zonga usipa zimene mbalamezi zimadya zachepa, pomwe zombo za asodzi zikufunanso nsomba zomwezo. Mu Malichi 2025 khoti linavomereza pangano loletsa usodzi wa zombo zoterezi kwa zaka 10 mozungulira malo 6 oswanirana mbalamezi, kuphatikizapo chilumba cha Robben.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, Mfumu Yaikulu Makanjira imatseka usodzi m'dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera chifukwa phindu lake amaliona okha nyengo yotsegulira ikafika. Alangizi ndi makomiti a m'midzi angatengepo phunziro: malire olembedwa papepala amalimba pokhapokha ngati anthu oyandikana nawo akutengapo mbali powasunga.