NGONGOLE YANGA YA CHAPATI

Anzanga pano pa seminale akamva kuti kwathu ndi kufupi ndi Dzaleka, funso lawo limakhala limodzi: "Kodi anthu kumeneko amadya chiyani?" Ine ndimangoseka, chifukwa m'zaka zanga 16 zino sindinaone malo odyera ochuluka pamalo amodzi ngati ku Dzaleka. Koma nkhani imene ndikufuna kukusimbirani, owerenga okondedwa, sinayambire kumeneko ayi. Inayambira mumzinda wa Lilongwe, ndipo inayamba ndi kudzitama kwanga.

Munali mu Epulo 2023, ndili Fomu 1, ndikubwerera kudzayamba teremu yachitatu. Mayi anandikweza minibasi mamawa nditangomwa phala, ndipo ndalama za ulendo anachita kuziwerenga kawiri asanandipatse. Kuchokera kwathu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 40. Mukatsika mapiri a Dowa mumakalowa mumsewu wa M1, kudutsa pa Lumbadzi ndi Kanengo, kenaka ndinu mwafika m'phokoso la ku depoti. Kumeneko anandichingamira amalume anga, amene ali ndi kaokala ka sopo, mchere ndi shuga.

Amalume tsiku limenelo anali okondwa. Anati, "Mphwanga, lero udya za m'tauni, ukawauze anzako." Tikuyenda ndinaona chikwangwani chachikulu pakhomo pa lesitilanti ina yamagalasi okhaokha. Chinalembedwa m'Chingerezi, ndipo ine, mwana wa seminale, ndinawamasulira mokweza kuti anthu odutsa amve: mukagula mbale imodzi ya nkhuku ndi tchipisi, yachiwiri ndi yaulere. Amalume anawerengetsera m'mutu naona kuti akwanitsa. Tinalowa, tinakhala pamipando yofewa, chikwama changa chachikulu chili pamiyendo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'munsi mwa chikwangwani chija munali timalemba ting'onoting'ono timene ine sindinatiwerenge. Mtsikana woperekera zakudya anatifotokozera mwaulemu kuti mbale yaulereyo imaperekedwa tsiku limodzi lokha pa sabata, kwa amene wagula mbale yaikulu pamodzi ndi zakumwa ziwiri. Tsikulo silinali limenelo, ndipo mtengo wa mbale yaikulu unaposa ndalama zanga zonse za ulendo. Mtsikanayo sanalakwe kanthu. Koma kudzuka n'kutuluka anthu akukuyang'anani si chinthu chapafupi, makamaka kwa munthu wamkulu amene walonjeza mwana. Amalume anaitanitsa mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi, nalipira mtengo umene ku okala kwawo akanagulira mabotolo asanu. Tinamwa mwakachetechete. Titatuluka anangoti, "Chizungu chako chandidyera phindu la lero," nandiperekeza ku depoti n'kubwerera kuntchito.

Ndinatsala ndekha, nthawi itapitirira 1 koloko, m'mimba muli phala la mamawa ndi mpweya wa m'botolo. Nditapatula za minibasi, m'thumba munatsala K200. Ndinazungulira kumbuyo kwa msika, kumene anthu amadya chiimirire mozungulira ziwaya za tchipisi, mpaka ndinafika pa kanyumba kamalata kokhala ndi mabenchi awiri. Mayi wina ankaphika chapati pambaula. Ndinagula imodzi n'kupempha madzi akumwa.

Mayiwo anandiyang'ana, nayang'ananso chikwama changa ndi kolona amene anatulukira pakhosi. Anandifunsa kumene ndikupita, m'Chichewa chomveka koma chopendekeka pang'ono, ndipo ndinazindikira msanga kuti ndi a ku Burundi, pakuti kalankhulidwe kameneko ndakula ndikukamva. Posakhalitsa anaika patsogolo panga mbale ya nyemba, chapati yachiwiri ndi kapu ya tiyi wamkaka. Ndinawauza kuti ndilibe ndalama. Iwo anati, "Idyani, mwana wanga, mudzalipira pobwera." Ine ndi manyazi anga ndinaumirira kuti alembe. Anatenga kope lakuda ndi mafuta, nalemba akuseka: Padiri, 500. M'Chiswahili padiri ndiye wansembe. Mwana wa Fomu 1!

Sindikudziwa ngati inali njala chabe, koma nyemba zimenezo ndimazikumbukirabe tikakhala m'chipinda chodyera Lolemba lililonse.

Teremu itatha mu Julaye, ndinasunga K500 padera. Nditatsika ku depoti ndinathamangira kumbuyo kwa msika kuja. Kanyumba kanalipo, koma munali mnyamata wokonza mafoni. Nditafunsa za mayi a chapati anandiyankha osadzutsa mutu: "Maburundi aja? Anawatenga kalekale."

Zimene zinachitika ambiri a inu makolo mukuzidziwa kuposa ine. Malamulo a dziko lathu amati othawa kwawo azikhala mumsasa, koma kwa zaka zambiri ena anali atakhazikika m'matauni ndi m'maboma akuchita malonda. Mu Malichi 2023 boma linalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, ndipo pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kuwagwira mu Lilongwe. Ambiri, ndi ana omwe, anayamba asungidwa kundende ya Maula asanawatengere kumsasa. Ndiye kuti tsiku limene mayi aja ankandipatsa nyemba za ngongole, anali akudziwa kale kuti mwina sindidzawapezanso. Zimenezi ndinazizindikira mochedwa, ndili m'minibasi yopita kwathu.

Pano ndiyenera kunena za amalume, chifukwa sindifuna kuti muwaone ngati munthu woipa. Iwo anali m'gulu la amene anakondwa. Ankati anthu amenewa amaoda katundu pamodzi, amagulitsa motsika mtengo, amatsegula 5 koloko mamawa n'kutseka usiku, ndiye Mmalawi wa kaokala kamodzi apikisana nawo bwanji? Ali ndi ana anayi ndi lendi ya nyumba, ndipo gawo lina la fizi yanga amalipira ndi iwo. Sindinawatsutse, ndipo za K500 ija sindinawauze. Chimene ndinaona n'chakuti malonda awo sanasinthe monga ankayembekezera. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kuyambira pamenepo akamadandaula satchulanso Maburundi, amatchula mtengo wa shuga.

Tsono nali tchimo langa. Ndinkadziwa bwino kumene mayi aja anapita. Kuchokera pakhomo pathu kukafika kumsasa ndi ulendo wa ola limodzi wapansi. Koma ndinatha zaka ziwiri osawafunafuna. Ndinkadziuza kuti dzina lawo sindilidziwa, ndipo n'zoona. Ndinkadziuzanso kuti muli anthu ambiri, ndipo n'zoonanso: malo amene anakonzedwa kuti musamapitirire anthu 12,000 muli anthu oposa 50,000. Koma chenicheni n'chakuti ndinkaopa kuwapeza ali pamavuto ine n'kuwatambasulira K500.

Kwa inu amene simunafikeko, Dzaleka ndi malo okwera, amphepo ndi ozizira. Agogo anga amakumbukira nthawi ya Kamuzu pamene inali ndende ya andale, ndipo amati dzinalo likuchokera pa mawu a wandende olonjeza kuti adzaleka. Inasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, chaka cha kuphana koopsa ku Rwanda. Lero ambiri ndi ochokera ku Congo, kenaka Burundi ndi Rwanda, ndipo aliponso a ku Ethiopia ndi Somalia. Mahema amene mumaganiza aja si ambiri. Ndi nyumba zanjerwa zothithikana, tinjira topapatiza, masukulu amene amayendetsa a bungwe la Jesuit Refugee Service, matchalitchi osawerengeka, ometa tsitsi, osoka zovala, ndi malo odyera pangodya iliyonse. Kunena zoona, kwa ife a m'midzi yozungulira, tauni yathu ndi imeneyo.

Kudya kwake n'kosiyanasiyana. A ku Congo amaphika chigwada chimene amachitcha sombe. Ife timathira nsinjiro, koma iwo amachisinja mumtondo mpaka kusalala, n'kuchiphika nthawi yaitali ndi anyezi ndi mafuta ofiira a kanjedza, nthawi zina ndi nsomba zouma. A ku Burundi ndi Rwanda amakonda nthochi zophika ndi nyemba, ndi nyama ya mbuzi yootcha patimitengo. A ku Somalia tiyi wawo amanunkhira zokometsera muli patali. Koma mfumu ya zonse ndi chapati. Si mandasi, si chikondamoyo. Amakanda ufa wa tirigu, kuupaka mafuta, kuupinda n'kuupindanso, kotero kuti ikapsa imasendeka timagawo ngati masamba a buku. Nthawi ya chikondwerero cha Tumaini, chimene anayambitsa mu 2014 mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume, anthu a magalimoto amachoka ku Lilongwe, kusiya malesitilanti a magalasi aja, kudzaima pamzere wa chapati pafumbi.

Musaganize kuti malo odyera akachuluka ndiye kuti anthu akukhuta. Bungwe la WFP limapereka ndalama m'malo mwa chimanga ndi nyemba, ndipo mu 2023 linadula thandizolo ndi theka, chaka chomwecho chimene anthu a m'tauni anawonjezeredwa mumsasa. Munthu amene saloledwa kukafuna ntchito kunja, koma ali ndi mbaula ndi chiwaya, achita chiyani? Aphika. Mnzake wa nyumba yoyandikana naye aphikanso. Ogula ndi omwewo.

Tchuthi cha Ogasiti 2025 mayi anadwala mwendo, ndiye anandituma kuti ndikagulitse tomato ndi anyezi wa kudimba kwathu pa msika wa Lachiwiri, tsiku limene msasa wonse umasefukira. Anandilangiza kuti zikatsala ndiyende m'malo odyera. Dzuwa litapendeka ndinali ndi theka la dengu, ndipo ndinayamba kulowa khomo ndi khomo. Pa khomo lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi ndinamva mawu akuti, "Karibu, mwana wanga, tomato bwanji?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa dengu.

Anali iwo. Anaonda, ndipo m'malo mwa mabenchi awiri panali limodzi. Kamtsikana kena kankakupiza moto. Ndinatula dengu, ndinawapatsa moni ndi manja awiri, n'kuyamba kufotokoza: ku Lilongwe, kumbuyo kwa msika, mu Epulo, nyemba ndi tiyi, kope lakuda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anapukusa mutu. Sanandikumbuke n'komwe.

Abale, zinandipweteka. Kwa zaka ziwiri ndinkaganiza kuti pali mayi wina amene amati akakumbukira amati, "Kamwana ka kolona kaja kanandinamiza." Ndinali nditakonza ndi mawu opepesa omwe. Koma iwo anati m'kope lija munali maina ambiri, a makondakitala, a kabaza, a ana asukulu, ndipo linatsala m'kanyumba muja pamodzi ndi mapoto. Za tsiku limene anawatenga sananene kanthu, ine sindinafunsenso. Nditatchula mawu akuti Padiri m'pamene anaseka, nati, "Eee, amenewo ndi malembedwe anga ndithu. Nanga upadiriwo wafika pati?" Ndinati ndamaliza Fomu 3. Anati, "Ulendo ukadalipo."

Ndinatulutsa K500 ya m'thumba langa, osati ya tomato. Pamasamu ndimakhoza, ndiye ndinkadziwa kuti ndalama imeneyi siingagulenso zimene ndinadya tsiku lija. Ndinafuna kuwonjezerapo, koma anakana. Anati m'kope munalembedwa 500, ndipo iwo si akatapila. Anailandira ndi manja awiri, naiika m'kachitini, osanena kuti zisiyeni monga ndinkaopera. Sindidziwa chifukwa chake, koma kulandira kwawoko kunandipepuza kuposa akanandikhululukira.

Kenaka tinabwerera ku malonda, ndipo pamenepo chifundo panalibe. Anatembenuza tomato mmodzimmodzi, kupatula wofewa, kunena kuti anyezi wathu ndi wamng'ono. Ananenerera mtengo mpaka thukuta linandituluka ngakhale kunkazizira. Titagwirizana pa K3,000 anapemphanso basera, ndipo ndinawaikira tomato atatu. Atatha kukhuthulira zonse m'beseni anatsegula kachitini kaja nayang'anamo kanthawi. Munali K500 yanga ija ndi timapepala tina tochepa. Anati malonda sanayende, ufa anagula mamawa, ngati n'kotheka adzalipira Lachiwiri likudzalo. Apo ayi, nditenge katundu wanga, sadzakwiya.

Ndinaganiza za mayi anga ndi mwendo wawo, ndi ndalama zanga za ulendo wobwerera kuno zimene zinayenera kuchokera m'dengu lomwelo. Ndinaganizanso zimene amalume akananena. M'thumba la dengu munali kope langa lakale la masamu limene ndinkalembamo za malonda. Ndinalitsegula kumapeto n'kuwafunsa kuti ndilembe dzina lanji. Anati, "Lembani Mama Chapati, onse kuno amatero."

Ndinafika kunyumba kutada. Mayi anawerenga ndalama kawiri monga mwa chizolowezi chawo, naona kuti zaperewera. Ndinawaonetsa kope n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa chikwangwani cha ku Lilongwe, nkhani imene anali asanaimvepo. Anakhala chete nthawi yaitali akusisita mwendo. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye akuti adzalipira liti?"

Ndinati, "Lachiwiri."

Anati, "Ukapite wekha. Ukanyamulenso anyezi, wamkuluwamkulu uja wa kumunsi kwa dimba."