Kalata kwa Achimwene Amene Asiya Mankhwala a BP

Achimwene,

Alamu andiuza kuti mapiritsi a BP mwawasiya, ati poti mutu unaleka kupweteka ndipo kumunda mukulima bwinobwino. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangoseka n'kuyamba nkhani ya mpira.

Inu mumaopa sitiroko yaikulu ija, yogwetsa munthu n'kumupha ziwalo. Ine chikundidetsa nkhawa n'china. Mu ubongo muli timitsempha ta magazi tambirimbiri, tina toonda kuposa tsitsi. Magazi akamathamanga mwamphamvu chaka ndi chaka, timitsempha timeneti timakhuthala n'kuuma, njira ya magazi n'kuchepa. Zili ngati ngalande za kudimba: ikatsekeka imodzi, bedi la kumapeto limauma mwini dimba asanadziwe. Kachigawo ka ubongo kamafa chomwecho, popanda ululu, popanda kukomoka. Tizigawo totere tikachuluka, munthu amayamba kuganiza mochedwa, kusokoneza chenji pamsika, kuyenda mokhwekhwereza mapazi, kuiwala kumabwera pambuyo. Pa matenda osokoneza ubongo a dementia, mtundu uwu ndi wachiwiri kwa Alzheimer's, ndipo kawirikawiri awiriwa amagwira munthu limodzi.

Azakhali aja ankasochera pochokera kuchigayo, dengu la ufa lili pamutu, anthu n'kumanong'onezana za ufiti. M'kabuku kawo ka kuchipatala BP sinkatsika pa 140/90, koma palibe amene ankaona kuti ziwirizi n'zogwirizana.

Chopweteka n'chakuti mbali ya ubongo ikafa sibwerera. N'chifukwa chake nkhondo yake ndi ya msinkhu wanu uno, osati wa ukalamba. Mu 2024 akatswiri a bungwe la Lancet anatchula zinthu 14 zopeweka zimene zikukhudzana ndi pafupifupi 45 pa 100 ya odwala dementia. BP ilimo, pamodzi ndi shuga, fodya, mowa wambiri ndi kunenepa kwambiri. Ku America, kafukufuku wa SPRINT MIND anapeza mu 2019 kuti amene BP yawo inatsitsidwa kwambiri anali ochepa pa oyamba kufooka maganizo.

Mchere nawo, achimwene. WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi, koma inu mumawaza ndiwo musanazilawe n'komwe.

Ngati mapiritsiwo akukutupitsani miyendo kapena kukukodzetsani pafupipafupi, kauzeni adokotala akusinthireni, mitundu ilipo ingapo. Pitani sabata ino akakuyezeni, ndipo nambala yakeyo munditumizire pa WhatsApp. Ya thiransipoti ndatumiza kale kwa alamu.

Ndine mlongo wanu.