Nsima Inakana Kutsika

Msodzi wina wa ku Feira, kumene Luangwa athira mu Zambezi, anayamba kutsamwa nsima. Anaisiya nayamba kumwa phala, koma nalonso linakana. Abale anati walodzedwa, ndipo miyezi inapita. Potsiriza a ku Katondwe anamtumiza ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007. Kumeneko anamva kuti ndi khansa ya kummero.

Maselo a m'thupi amabalana pokhapo atalandira uthenga. Pa nthendayi, mwa odwala ena, kanthu kochedwa EGFR kamatumiza uthengawo kosaleka, maselo nacuruka, natseka njira ya cakudya, nafalikira ku anabele. Mankhwala otseka uthengawo alipo, koma pa khansa imeneyi athandiza ocepa okha.

Msodziyo anabwerera kwao atamuika kapaipi pammero. Phala likutsika. Ukonde aponya mwana wace.