MIIMBA YASOŴA PA THAMBO LA KWA CHIWALO

M'mwezi wa Okutobala, dzuŵa likuswa mtengo, bwalo la akulu a mpingo linandituma kukachezera Akhristu a nyumba ina ya mapemphero kwa Chiwalo, kumpoto kwa boma la Phalombe. Titapitirira Migowi, phiri la Michesi linayamba kuchepera kumbuyo kwathu, ndipo kutsogolo kunayala chidikha chachikulu chotsikira ku nyanja ya Chilwa. Ndi dziko lathyathyathya, la dothi lakuda long'aluka m'chilimwe, kumene mlendo amaona thambo lochuluka koposa nthaka.

Tikudutsa pa dambo lina, fungo linatichingamira. Panali ng'ombe yofa ndi matenda, imene eni ake anaopa kudya nyama yake. Agalu anali kulimbirana, akhwangwala ali pambali kudikira. Nkhalamba imene inali kunditsogolera inaima, niyang'ana kumwamba nthaŵi yaitali.

"Aphunzitsi, kodi mwaona chimene chasoŵa pano?"

"Iyayi, bambo, tandiuzani."

"Miimba. Pa unyamata wathu nyama yotereyi siikadagona. Pofika madzulo mukadapeza mafupa okha ali mbee."

Ndinayang'ana inenso. Thambo lonse lija linali lopanda phiko ndi limodzi lomwe. Ndipo ndinachita manyazi, pakuti ine amene ndaphunzitsa ana zaka zambiri ndinkangodziŵa muimba monga dzina lotonzera munthu wosusuka, wothamangira chuma cha masiye maliro asanaikidwe.

Usiku umenewo, nditagona pa mphasa kwa mkulu mnzanga, ndinakumbukira zimene Abusa athu, amene anaphunzira Chihebri ku Zomba, anatifotokozera tsiku lina. Pa Eksodo 19:4 Mulungu akumbutsa Aisraele kuti anawanyamula pa mapiko a mbalame yaikulu, ndipo pa Yesaya 40:31 olindira Yehova alonjezedwa mapiko a mbalame yomweyo. Dzina lake m'Chihebri ndi nesher. Baibulo la Chingerezi la King James, la chaka cha 1611, linaitcha eagle, ndipo ife tinazoloŵera kuganiza za mphungu kapena chiwombankhanga. Koma taŵerengani Mika 1:16: mneneri afanizira mutu wometedwa pa maliro ndi dazi la nesher. Kodi munaonapo chiwombankhanga chadazi? Taŵerenganinso Yobu 39:27-30: nesher imanga chisa pa thanthwe, iona kutali, nipezeka pamene pagona ophedwa. Mbalame yopanda nthenga zokhuthala kumutu ndi kukhosi, yosonkhanira pa mtembo, tiidziŵa tonse. H. B. Tristram, mbusa wa ku England amene anayendera Palestina kupenda zolengedwa zake, anaonetsa m'buku lake la 1867 kuti kaŵirikaŵiri nesher ndi muimba waukulu wa m'mapiri a dzikolo, ngakhale kuti dzinalo limagwiranso ziwombankhanga.

Chodabwitsa china nchakuti pamene King James inalemba vulture, ndilo dzina la muimba m'Chingerezi, monga pa Levitiko 11:14, Chihebri chili ndi daah, mbalame ya mtundu wa mphamba wolanda anapiye. Ndipo racham wa pa Levitiko 11:18, amene Angerezi aja anamutcha gier eagle, ndi muimba waung'ono woyera umene Aluya mpaka lero amautcha ndi dzina lofanana nalo. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anaona bwino pa Mateyu 24:28, naika miimba pamene Chingerezi chakale chinaika eagles.

Tsono taganizani, abale ndi alongo. Mbalame imene chilamulo chinaletsa kudya, imene ife tiinyoza, ndiyo Mulungu anaisankha kufanizira chisamaliro chake. Ndipo fanizolo nloona. Muimba sukupiza mapiko kolimba. Ulindira mpweya wofunda wokwera kuchokera pa nthaka, nutambasula mapiko, nukwezedwa ndi mphamvu yosakhala yake, maora ambiri osalema. Wolindira Yehova ali wotero. Miimba yaikulu iikira dzira limodzi lokha, ndipo yaimuna ndi yaikazi ilandizana kufungatira ndi kudyetsa mwana. M'mimba mwake muli madzi oŵaŵa kwambiri akupha tizilombo tambiri ta matenda, kotero kuti pakudya zovunda iyeretsa dziko.

Pamene miimba yatha, anthu alira. Ku India miimba yoposa 95 pa 100 iliyonse ya mitundu ina inafa kuyambira m'ma 1990 chifukwa cha diclofenac, mankhwala obaya ng'ombe, amene boma linaletsa mu 2006. Agalu osokera anachuluka, ndi chiwewe chomwe. Ku Botswana mu 2019 miimba 537 inafa itadya njovu zothiridwa poizoni ndi opha nyama mobisa. Kwathu kuno munthu wothira mankhwala pa nyama kuti aphe afisi kapena agalu aphanso mbalame zimenezi, ndipo wodula mitengo yaitali agwetsa zisa zake. Koma chiyembekezo chilipo: ku nkhalango ya Liwonde miimba inali itasoŵa, koma inabwerera akambuku othamanga aja otchedwa cheetah atabwezedwamo mu 2017, popeza inapezanso zotsala zakudya.

M'maŵa mwake, pa Sabata, ndinafunsa ana a Sande Sukulu kuti akweze dzanja amene anaonapo muimba. Palibe anakweza. Ine ndinakweza ndekha, ndi nkhalamba ija kumbuyo.

Makolo anzanga, mwana wosaona muimba adzaŵerenga bwanji Yesaya ndi kumvetsa? Ng'ombe yofa ndi matenda tiikwirire mozama kapena kuitentha, ndipo poizoni pa nyama tisathire konse. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, sukulu yanu ikakonza ulendo wa ku Liwonde, musakangoyang'ana njovu ndi mvuu. Cha m'ma 10 koloko, nthaka itafunda, mukakweze maso.