Error yofuula kwambili sindiyo inali vuto

Pa Cisanu madzulo n'nacita upgrade seva ya maimelo ya ku nchito, kuicotsa pa Ubuntu 18.04 kuipeleka pa 20.04. Panalibe kucitila mwina, cifukwa 18.04 inaleka kulandila ma update a masiku onse mu May 2023. N'nadzitumila imelo, inafika, n'napita kunyumba mtima uli m'malo.

Pa Mande m'mawa ba accountant anaimilila pa desiki panga. "Mwaice, scanner yaleka kutumiza ma invoice. Wacita ciani?" Mwezi unali kutha, makasitomala anali kuyembekezela mapepala awo, ndipo ine n'nali nikali pa probation.

N'natsegula /var/log/mail.log, mtima unagunda. Mizele mahandiledi inali kukamba cinthu cimodzi: "SASL LOGIN authentication failed", kucokela ku ma IP amene sin'nawaonepo. N'naganiza kuti atithyolela seva. Maola aŵili anathela pa kutseka ma IP na kuvutitsa anthu kuti asinthe ma password. Scanner inali cabe zii.

Cimene cinanithandiza ni cinthu copepuka. N'natsegula log ya wiki yatha, ya pamene zonse zinali bwino. Mizele ija inalimo kale, yambilimbili. Ni ma bot amene amayesa ma password pa seva iliyonse ili pa intaneti, usana na usiku. Sanabwele na upgrade yanga.

Manje n'napempha ba accountant kuti atinike batani la scanner ine n'kuyang'ana log na tail -f. Pa sekondi imeneyo panatuluka mizele iŵili cabe ya Postfix: "SSL_accept error" pamodzi na IP ya printa yathu, ndiyeno "unsupported protocol".

Nkhani yonse inali pamenepo. Ubuntu 20.04 imakana TLS 1.0 na 1.1 ngati sunaiuze zina, imafuna 1.2 kupita pamwamba. Printa yathu ni nkhalamba, imadziŵa 1.0 cabe. Inali kupeleka moni, seva n'kukana kuyankha.

Pa intaneti ambili amalangiza kutsitsa citetezo ca seva yonse. N'natsala pang'ono kucita zimenezo, cifukwa ba bwana anali atayamba kuyenda-yenda kumbuyo kwanga. Koma kufooketsa maimelo a ofesi yonse cifukwa ca printa imodzi sikunanikomele. N'naika IP ya printa yokha mu mynetworks kuti izitumiza mkati mwa ofesi popanda TLS, mpaka tikapeze firmware yatsopano. Ma invoice anayenda tisanapite ku lanchi.

Ba bwana ananifunsa cifukwa cake zinatenga maola anayi. N'nawauza zoona, kuti aŵili n'nawataya pothamangitsa error yolakwika. Sanaseke, koma nchito nikali nayo.

Masiku ano nikalibe kugwila upgrade iliyonse, nimayamba nakopa log ya tsiku limenelo na kuisunga pambali. Nimayendanso mu ofesi kufunsa kuti ni makina ati amatumiza maimelo, kuphatikizapo aja ali pakona amene aliyense anawaiŵala.