Mtengo wa Nyumba ya Mitengo

Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi limene limasenza katundu wa pawiri. Liwulo ndi "mtengo". Umene umamera m'thengo timautcha mtengo, ndipo ndalama zimene wogulitsa amatchula pamsika timazitchanso mtengo. M'masiku a agogo athu zinthu ziwirizi sizinkakumana, pakuti munthu ankangotenga nkhwangwa n'kulowa kutchire. Lero kwathu kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mtengo uliwonse uli ndi mtengo wake, ndipo amene akufuna kumanga nyumba ndiye amadziwa bwino kuwawa kwa nkhaniyi.

M'buku lina la mbiri yakale muli chithunzi cha kanyumba konga kamene Abraham Lincoln anabadwiramo m'chaka cha 1809 ku Kentucky, m'dziko la America. Kanali ka chipinda chimodzi, komangidwa ndi zipika zathunthu zogonekedwa china pamwamba pa chinzake. M'makona ankasema mipata kuti zipikazo zilumane popanda msomali, ndipo m'ming'alu ankamatamo dothi. Imeneyo inali nyumba ya amphawi, chifukwa nkhalango inali pakhomo ndipo chimene munthu ankalipira ndi thukuta lake basi. Masiku ano ku America, ku Canada ndi ku Norway nyumba zambiri zotere amamanga ndi anthu opeza bwino, ena kuti azikapumulirako pa tchuthi.

Ndinayesa kuwerengera kuti nyumba yotereyi ingadye chiyani kwathu kuno. Khoma lotalika mamita awiri ndi theka, pogwiritsa ntchito zipika zonenepa masentimita 20, lifuna zipika 12 kapena 13. Makoma anayi ndiye kuti zipika pafupifupi 50, denga tisanalikhudze, ndipo chimenecho ndi chipinda chimodzi chokha. Mitengo yowongoka chotero tingaipeze pa phiri la Zomba pamene pali paini, koma paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime. Uyenera kuugula, kulipira odula, kenaka kuchita hayala lole yoti itsike phiri n'kuyenda makilomita pafupifupi 30 kulowera ku Kachulu. Ukafika nayo, chiswe chikulandira ndi manja awiri. Zipika zomwezo atazicheka matabwa zingakwane madenga a mabanja angapo. Choncho nyumba imene inali ya mmphawi kwa eni ake, kwathu kuno ngakhale wamalonda wamkulu wa pa Jali angayambe wakanda m'mutu.

Komatu nafenso tili ndi nyumba yathu ya mitengo, ngakhale kuti sitigoneka zipika. Ife timazika nsichi m'nthaka, n'kumanga mbaliro ndi luzi, kenaka n'kumata dothi mkati ndi kunja. Pamwamba pamabwera phaso ndi udzu. Agogo anga aakazi amandiuza kuti pamene agogo aamuna anabwera kudzakhala chikamwini, ntchito yoyamba imene anaonetsa nayo chamuna inali kumanga nyumba yotereyi. Nsichi anadula okha, luzi anafundula okha, udzu anamweta akazi a pamudzi. Tsiku lokweza denga anthu anasonkhana, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo malipiro awo anali thobwa, nsima ndi tambala mmodzi amene anaphedwa m'mawa mwake. "Ndalama sinatuluke ngakhale tambala ya chitsulo," amatero agogo akuseka, "anatuluka ndi tambala wa m'khola."

Lero zinthu zinatembenuka. Tchire limene agogo ankadulamo nsichi linasanduka minda. Mitengo imene inatsala inathera kuwamba nsomba kudooko, kuotcha njerwa ndi kuphikira. Wofuna nsichi kapena phaso amagula bulugama kwa amene anabzala, mtengo umodziumodzi, ndipo wogulitsa amayamba wauyeza ndi maso kunenepa kwake asanatchule ndalama. Luzi linasowa, tsopano timamangira linya la matayala logula pamsika. Udzu wofolera umagulidwa pa mtolo, ndipo pansi pake pamafunika pepala lakuda la pulasitiki kuti mvula isalowe. Pakatha chaka kapena ziwiri udzuwo waola, pepala lang'ambika, munthu ayambirenso kugula. Nyumba imene timaitcha yotchipa imalipiridwa chaka ndi chaka ngati msonkho.

Nyumba yotchipa zenizeni kwathu ili pamadzi. Asodzi a pa Chilwa amamanga zimbowera, timisasa toyandama pakati pa njedza. Amapinda njedza n'kusanjikiza zina pamwamba mpaka pakhale pogona, kenaka n'kuika kadenga. M'menemo amagona, amaphika, ena amachitiramo ngakhale malonda a tiyi, uku akupha matemba, makumba ndi milamba. Amalume anga anakhalapo m'chimbowera miyezi yambiri, ndipo amati palibe msodzi amene amalira chikaphwasuka, poti mawa amanga china. Nzeru imeneyi ndi yogwirizana ndi khalidwe la nyanjayi. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018. Pamalo pamene madzi amabwera n'kuchoka, munthu samanga chokhalitsa. Koma mayi ndi ana sangakhale m'chimbowera. Banja limafuna khoma ndi chitseko.

N'chifukwa chake ambiri kumtunda anathawira ku zidina, njerwa zosaotcha zomangira ndi matope. Yathu inali yotero, ya zipinda zitatu, yofolera udzu. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kumwera, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Kwathu ndi kuchigwa, kumene madzi a mitsinje monga Likangala amathera. Madzi sanagwetse nyumba yathu ndi mphamvu ayi. Anangoima m'bwalo, zidina za pansi n'kumamwa pang'onopang'ono mpaka zinasungunuka ngati shuga m'kapu. Usiku wachitatu khoma lakuchipinda linakhala pansi, mwamwayi tonse tinali titatuluka kale. Chodabwitsa n'chakuti kanyumba ka agogo ka nsichi sikanagwe. Dothi lonse lam'munsi linakokoloka, kanapendekeka pang'ono, koma mitengo inagwirabe denga. Madzi ataphwa tinangokamatanso, ndipo banja lonse linadzazana m'menemo.

Bambo ananena kuti sadzamanganso ndi zidina. Apa ndi pamene ndinaphunzira masamu amene sitiphunzira m'kalasi. Njerwa tinaumba tokha pa tchuthi, ine ndi achimwene anga, chikombole chili m'manja kuyambira m'bandakucha. Dothi linali laulere, koma nkhuni zootchera uvuni tinachita kugula, ndipo mtengo wa mango umene unali pakhomo kuyambira ndisanabadwe unagwetsedwa kuti moto ukwane. Ndiye kuti nyumba ya njerwa nayonso ndi nyumba ya mitengo, kungoti mitengo yake sioneka, inasanduka phulusa. Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu mu 2018 pofuna kuteteza nkhalango, koma munthu wa kumudzi alibe kothawira, chifukwa njerwa za simenti zimafuna ndalama zimene iye alibe.

Zitapsa njerwa panatsala zogula zenizeni: simenti ya maziko, malata, misomali, matabwa a denga, mafelemu a zitseko ndi malipiro a mmisiri. Bambo sawerengera zinthuzi m'makwacha. Amawerengera m'matumba a mpunga, poti ndi umene timalima. Anali atawerengera bwino kuti zokolola za zaka ziwiri zikwanira. Koma mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wa m'sitolo za zipangizo anakwera sabata yomweyo. Mpunga unali utagulitsidwa kale pa mtengo wakale. Ndalama imene ikanagula malata 30 inangogula ochepa, ndipo bambo anawasunga kuseri kwa bedi, n'kumawonjezera limodzi kapena awiri akapeza kangachepe.

Chaka chotsatira ndi chimene ndinasankhidwa kubwera kuno ku seminale. Madzulo ena amalume anabwera kudzakambirana ndi bambo, ine ndili pambali ndikusenda chimanga. Amalume anati, "Alamu, bwanji mwanayu ayambe wadikira chaka chimodzi, mufolere kaye nyumbayi? Njerwa zikavumbwa dzinja lina ziwonongeka." Bambo anakhala chete kanthawi, kenaka anayankha kuti, "Alamu, mwanena zoona. Koma lata ndikaligula chaka chamawa lidzakhala lomwelo. Mwana ndikamuimika chaka chino, chaka chamawa sadzakhala yemweyo." Mayi sanayankhule, anangopitiriza kupeta mpunga.

Mpaka lero nyumbayo ndi yofolera mbali imodzi. Zipinda ziwiri zili ndi malata, chachitatu chikuyang'ana kumwamba, ndipo pamwamba pa khoma lake tinayala pepala ndi kutsindira miyala. Mawindo tinatseka ndi njerwa podikira mafelemu. Teremu iliyonse ndikamapereka fizi kwa abambo oyang'anira chuma, ndimatha kuwerenga kuti m'envelopu imeneyo muli malata angati. Ndikudziwanso kuti sindili ndekha. Titati tifunsane m'chipinda chogona, tipeza kuti ambiri mwa ife tinasiya kwathu nyumba yofika palintala, uvuni wa njerwa umene wamera udzu, kapena denga lodontha limene likudikira kuti ife timalize Folomu 4.

Tsono mtengo wa nyumba ndi chiyani? Kwa ine suthera pa ndalama imene munthu wapereka tsiku lomanga. Tiyenera kufunsa kuti nyumbayo idzamangidwa kangati, yadya mitengo ingati, ndiponso banja lasiya chiyani kuti iyo iime. Ya zidina inaoneka yotchipa, koma tinailipira kawiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amisiri odziwa ntchito amalangiza zinthu zosafuna ndalama zambiri: kumanga pamalo okwera, kukweza maziko, kuyala pepala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere, ndi kusiya khonde lalikulu kuti mvula isamenye khoma. Wosakwanitsa simenti ya nyumba yonse aiike m'mizere ya pansi, pamene madzi amayambira.

Ndipo ife anyamata tili ndi gawo lathu limene silifuna kwacha. Pa tchuthi cha Khirisimasi mvula imakhala itayamba, nthaka ili yofewa. Aliyense atabzala mitengo 20 m'malire a munda wa kwawo, ina ya phaso, ina ya zipatso, ndi phata limodzi la nsungwi, pofika nthawi imene azing'ono athu adzafune kumanga sadzayamba ndi kufunsa mtengo wa mtengo. Ine ndabzala bulugama kumtunda, kutali ndi chitsime, ndiponso mango awiri pamene panali uja tinadula. Kwa inu makolo amene mukugona m'nyumba zosatha chifukwa cha ife, tikuona, ndipo tikuthokoza.